Mmene tinachotsera Kabawi pa miyala: lipoti la ndege yathu ya m'masewera

Ndilembe izi zisanandituluke m'mutu, chifukwa anzathu atsopano amene alowa m'gulu mwezi uno akhala akufunsa kuti zinatheka bwanji kuti tidye maraundi awiri athunthu osatulutsa chida chatsopano chilichonse cholozeka, eti tinangokhala pansi nkumasisita ndege yathu yakale yotchedwa Kabawi. Nkhaniyo ndinaiyambitsa ndine, ndipo ndinanyozedwa nayo mokwanira, nde bola ndifotokoze ndekha, pamodzi ndi pamene ndinalakwitsa.

Kwa amene masewerawa simukuwadziwa, tilipo magulu awiri, gulu lililonse likuyimira mainjiniya a asilikali a dziko longopeka, ndipo zida zake ndi za cha m'ma 1940. Pakati pali a refa, iwowo ndi amene amaona mapulani a mbali zonse, ife za anzathu a tsidya lija timadzaziona zitatigwera kale pamutu. Raundi iliyonse kwa ife ndi sabata imodzi koma m'masewera ndi miyezi itatu, ndipo gulu limaloledwa zinthu ziwiri zokha, kupanga chatsopano chimodzi ndi kukonza chakale chimodzi. Aliyense amalemba ganizo lake pa WhatsApp, timakangana mpaka usiku, timavota, lomwe lawina limapita kwa a refa. Iwo amaliwerenga, amayesa kuvuta kwake, kenako amaponya madayisi awiri. Ukalemba za m'maloto amakudula manambala, ukalemba zomveka ndi zifukwa zake amakuwonjezera. Pamapeto amalemba lipoti la mmene nkhondo yayendera miyezi itatu imeneyo.

Ine ntchito yanga ndi makaniko wa malole ndi majenereta a dizilo. Ndege yeniyeni sindinaigwirepo ndi sipanala, zimene ndimadziwa za ndege ndi zowerenga, koma galaja ndimalidziwa fungo lake, ndipo zinapezeka kuti m'gulu la anthu 11 ndinali ndekha amene ndinagonapo pansi pa injini yotentha.

Ndege yake

Kabawi tinaipanga pa raundi yachiwiri. Ndege ya munthu mmodzi, injini imodzi ya masilinda 14 oyalidwa mozungulira m'mizere iwiri, 7 kutsogolo 7 kumbuyo, yoziziritsidwa ndi mphepo osati madzi. Inatuluka bwino. Vuto linabwera pa raundi yachinayi pomwe tinavota kuti tiikwezere mphamvu ya supachaja, chipangizo chokankhira mphepo yambiri mu injini, kuti izithamanga kwambiri, madayisi anagwa 10, gulu lonse linali chikondwerero, anthu kutumiza zithunzi za moto. Koma mu lipoti la a refa munali kamzere kamodzi chakumapeto konena kuti masilinda akumbuyo akutentha kuposa akutsogolo ndipo amakaniko akudandaula kuti kufika pa mapulagi akumbuyo kukufuna kumasula theka la boneti. Palibe anakalabadira. Inenso ndinakawerenga nkungodutsa, ndisaname.

Kenako nkhondo inasunthira ku chigawo chouma cha pa mapu, chafumbi, mabwalo a ndege a dothi. Lipoti la raundi yachisanu ndi chimodzi linatidzidzimutsa tonse. Pa pepala tinali ndi a Kabawi 60. Otha kuuluka m'mawa uliwonse anali pafupifupi 22. Ena onsewo anali pa miyala, monga timanenera kugalaja galimoto ikachotsedwa matayala nkusanduka sitolo ya masipeya. Ndege ya anzathu aja ndi yaulesi, ikakumana ndi Kabawi maso ndi maso imathawa, koma iwo pa ndege 50 anali kudzutsa 40. Nde mapayiloti athu amawina ndewu iliyonse imene afikapo, kungoti malo ambiri samafikako, ndipo asilikali athu a pansi amaphulitsidwa masana dzuwa likuswa mtengo kumwamba kulibe wowateteza. Tinataya bwalo la ndege limodzi ndi mlatho.

Chinthu choyamba chimene ndinachita sichinali kulemba pulani, kunali kufunsa funso. Malamulo amalola kufunsa a refa chilichonse chimene mainjiniya enieni angadziwe za zida zawo. Ndinawafunsa kuti ndege 38 zili pansizo, iliyonse yakhaliranji pansi. Anthu amaiwala kufunsa zimenezi, amangoti ndege ndi yosadalirika basi, ngati kasitomala wobwera nkuti galimoto ikuvuta, ukamufunsa ikuvuta chani akuti ikungovuta. A refa anayankha mosangalala ngati munthu amene wakhala akudikira kuti wina afunse. Zambiri zinali za injini, mavalavu otulutsa utsi kupsa ndi mitu ya masilinda akumbuyo kusweka. Gulu lachiwiri linali la fumbi, maring'i ndi masilinda kudyeka msanga, injini kuyamba kumwa oyilo. Lachitatu ndi limene linandiwawa, ndege zimene zinalibe vuto lalikulu koma zasololedwa zipangizo kuti zikadzutse zinzake. Zotsalazo zinali za miyendo yoterera, zochepa.

Achemwali athu ena a m'gulumu, amene amagwira za maakaunti ku Lusaka, anatenga mayankhowo nkuwaika pa shiti, nkuwerengera kuti ndege imodzi ikagwa ndi vuto la silinda yakumbuyo imakhala pansi masiku angati. Apa ndi pamene tinaona kuti ndege sikuti imangowonongeka pafupipafupi, koma ikawonongeka imachedwa kudzuka, ndipo izi ndi zinthu ziwiri zosiyana zofuna mankhwala osiyana.

Mkangano wa pa voti

Panali maganizo atatu. Achimwene ena a ku Joni, amene ndi katswiri pa mbiri ya ndege ndipo sindikuwanyoza, ankati tisiye zonsezi tipange jeti. Madala ena ankati tipange injini yatsopano yaikulu ya masilinda 18. Ine ndinati tisapange chatsopano, tikonze yomweyi, tiichepetseko mphamvu.

Mawu oti kuchepetsa mphamvuwo ndi amene anayatsa moto. Munthu wina analemba kuti "amwene, ife tinabwera kudzapanga ndege za nkhondo, osati minibasi ya ku Ndirande." Ndinaseka ndekha chifukwa minibasi imeneyo ndi imene ndinkafuna, yodzuka folo koloko m'mawa tsiku ndi tsiku.

Za jeti ndinayankha ndi Me 262 ya ku Germany. Inalowa nkhondo mu 1944 ndipo pa liwiro panalibe ndege ya pulopela yoipeza, koma injini yake, Jumo 004, inkatha pakati pa maola 10 ndi 25 basi. Chifukwa chake sichinali umbuli wa mainjiniya, kunali kusowa kwa nickel ndi chromium, zitsulo zimene zimapirira moto, moti mbali zina zotentha anazipanga ndi chitsulo wamba chokutidwa ndi aluminiyamu. Payiloti akakankha mwachangu thirotulo, chogwirira chowonjezera moto wa injini, injini inkatha kuzima kapena kuyaka. Ife pa mapu athu mgodi wa nickel uli m'manja mwa anzathu a tsidya. Ndinafunsa kuti ngati tikulephera kudzutsa injini ya pisitoni imene timaidziwa, ya maola 20 tidzaidzutsa ndi chani.

Za masilinda 18 ndinayankha ndi B-29 ya ku America. Injini yake, Wright R-3350, inali ndi masilinda 18 m'mizere iwiri, ndipo matenda ake anali omwewa athuwa, mzere wakumbuyo kusapeza mphepo yokwanira, mavalavu kupsa, injini kuyaka. Mbali zina za injiniyo zinali za magnesium, imene ikayaka siizimitsika wamba, moto umatha kudya mpaka msana wa phiko. Pa 18 February 1943 ndege yachiwiri yoyesera inayaka injini nkugwera pa fakitale ya nyama ku Seattle, payiloti wamkulu woyesa ndege wa Boeing, kampani yopanga ndegeyi, Eddie Allen, anafera pomwepo ndi anzake onse pamodzi ndi anthu ena a pansi. Ndipo mmene anachepetsera vutolo ndi zinthu zosapatsa chidwi, timalata tolondolera mphepo ku masilinda, kuwonjezera oyilo wopita ku mavalavu, kuveka tizipsepse pa tsinde la mapiko a pulopela kuti tizikankhira mphepo mkati. Kuwonjezera masilinda anayi pa injini yotentha kale ndi kuwonjezera nkhuni.

Chimene chinatembenuza anthu awiri omaliza si mbiri, ndi masamu a achemwali aja. Analemba kuti ngakhale jeti itatuluka bwino, raundi yoyamba tingapange mwina 10, pomwe kudzutsa theka la a Kabawi ogonawo ndi ndege 19 zolipiridwa kale, mapayiloti ake alipo kale akungosewera bawo pansi pa phiko. Voti inatha 6 kwa 5.

Kukonza koyamba, ndi pomwe ndinadzipweteka ndekha

Pulani imene ndinatumiza inali ndi zinthu zinayi. Kubweza mphamvu ya supachaja pakati pa pomwe inali poyamba ndi pomwe tinaikweza, nkusiya mphamvu yonse ija kuti payiloti aziigwiritsa ntchito mphindi zisanu zokha zinthu zikathina, ndi kawaya komata kamene kamaduka akakankha mpaka kumapeto kuti makaniko adziwe kuti injiniyi yazunzidwa lero. Timalata tolondolera mphepo pakati pa masilinda. Fani kumbuyo kwa pulopela, nzeru imene ndinabwereka ku Fw 190, ndege ya ku Germany imene injini yake BMW 801 inalinso ya masilinda 14 m'mizere iwiri ndipo inali ndi fani ya mapiko 12 kutsogolo, nayonso poyamba inavutika ndi kutentha kwa mzere wakumbuyo. Ndi filita ya mphepo.

Pa filita panali kukangana kwina. A ku Britain atapita ndi ndege zawo za Hurricane ndi Spitfire ku chipululu cha kumpoto kwa Africa anaziveka filita ya Vokes pansi pa mphuno, chinthu chachikulu chonyansa chimene chinkadya liwiro, mpaka amisiri awo a ku Aboukir ku Egypt anapanga ina yaing'ono. Ine ndinalemba kuti yathu ikhale ndi kachitseko, ndege ikamathamanga pa dothi ndi ponyamuka mphepo izidutsa mu filita, ikakwera pamwamba pomwe kulibe fumbi payiloti azitsegula njira yolunjika. Fumbi limadya injini pansi, makamaka ndege ikamanyamuka kumbuyo kwa inzake.

Mpaka apa zinali bwino. Koma ndinawonjezera chinthu chachisanu chimene palibe anandituma, ndinachilemba usiku nditatopa ndikudzimva ukatswiri. Ndinati ndege iliyonse ikakwana maola 25 izilowa sevisi yaikulu, kumasula boneti yonse, kuchotsa mapulagi onse 28, kutsegula mavalavu, kumasula mapaipi a mafuta ndi oyilo nkuwayang'ana mkati. M'mutu mwanga ndinkati ukaisamala kwambiri siikukhumudwitsa.

Madayisi anagwa 7, pakatikati. Lipoti litabwera, liwiro linatsika ndi makilomita 20 pa ola, zimene tinkayembekezera, kupsa kwa mavalavu kunachepa kwambiri, koma ndege zodzuka zinangofika 31. Ine ndinalonjeza 40. Ndipo a refa analemba chinthu chimene chinandikhalitsa chete, kuti mavuto ambiri atsopano akuoneka m'maola oyambirira ndege ikangotuluka mu sevisi, paipi ya oyilo kudontha, pulagi yolowa mopingasa nkuwononga mazinga, waya woiwalika, kenako ikadutsa pamenepo imayenda bwinobwino mpaka tsiku loti tiitsegulenso.

Anthu a jeti aja anadzuka nane, kkkk. Koma ine chimene chinandipweteka ndi choti zimenezi ndimazidziwa ndi manja angawa. Chaka china tinalandira lole yopita ulendo wautali, inalibe vuto lililonse, mwini wake anangoti ichitidwe sevisi isananyamuke. Tinasintha oyilo, mafilita a dizilo, zonse. Mnyamata amene ndinamusiyira filita yachiwiri anaiwala kuti karaba kakale katsalira pa mpando wake, anamangira katsopano pamwamba pa kakale. Pagalaja inalira bwinobwino. Cha m'ma 9 usiku foni, dalaivala ali pa chitunda, injini ikukoka mphepo mu dizilo, yazima, katundu ali pamsana, mvula ikugwa. Ndinakafika ndi tochi m'kamwa, nditamasula filita tiraba tiwiri tinagwera m'dzanja langa, kamodzi kophwanyika ngati chingamu. Lole imene ikanafika bwinobwino tikanaisiya, tinaigwetsa ndife ndi sevisi yathu. Nde ndinadziwa kuti a refa sakundikondera kapena kundida, akunena zoona.

Nditawafunsa kumbali anandiuza kuti ndikawerenge za Waddington. C. H. Waddington anali wasayansi wa zamoyo, osati injiniya, amene pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anaikidwa m'gulu lofufuza kayendetsedwe ka ntchito ku Coastal Command, nthambi ya RAF, gulu la ndege za nkhondo la Britain, imene inkasaka sitima za pansi pa madzi za Germany. Mu 1943 iye ndi anzake anawerengera mavuto a ndege za B-24 Liberator molingana ndi maola ouluka chichokereni mu sevisi, imene inkachitika maola 50 aliwonse. Anapeza kuti mavuto amakwera ndege ikangotuluka mu sevisi, kenako amatsika pang'onopang'ono, ndipo pofika nthawi yoti ilowenso panalibe chizindikiro choti yayamba kufooka. Analangiza kutalikitsa nthawi ya pakati pa masevisi, kuchotsa ntchito zimene palibe umboni woti zimathandiza, ndi kulemba bwino malangizo a amakaniko. Maola ouluka anakwera ndi 60 peresenti ndi kupitirira, ndege zake zomwezo. Patapita zaka, mu 1978, Nowlan ndi Heap a ku kampani ya ndege ya ku America ya United Airlines anatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti pa zipangizo za ndege zimene anaunika, 11 peresenti yokha ndi imene kuwonongeka kwake kumayenderana ndi ukalamba, ndipo 68 peresenti zimakonda kufa zikadali zatsopano kapena zikangomangidwa kumene. Ine sevisi yanga ya maola 25 inali kubweza ndege iliyonse ku ukhanda kawiri kuposa mmene ankachitira ndi ma Liberator aja.

Kukonza kwachiwiri

Apa ndinafunika kupempha chinthu chachikulu, kuti raundi yotsatira tipereke mipata yonse iwiri kwa Kabawi, wa chatsopano ndi wa kukonza. Munthu amene wangolephera kukwaniritsa lonjezo kupemphanso zowirikiza. Ndinayamba ndi kuvomera pagulu kuti cha nambala 5 chija chinali cholakwa changa, ndinafotokoza za lole ija, ndipo chodabwitsa achimwene a jeti aja ndi amene anayamba kundiikira kumbuyo. Anati "madala, mwalakwa moona mtima, tiyeni timalize zimenezi koma raundi inayo jeti ndi yanga." Tinagwirizana choncho.

Mpata wa chatsopano tinaugwiritsa ntchito pa chimene a ku Germany ankachitcha Kraftei, dzira la mphamvu. Nzeru yake ndi yoti injini, boneti yake, fani, thanki ndi choziziritsa oyilo, mapaipi a utsi, zonse zimangidwe ngati mtolo umodzi ku fakitale, ndipo mtolowo uzilumikizidwa ku ndege pa malo ochepa odziwika. BMW 801 inkabwera chonchi, ndipo a ku Britain nawo anali ndi mtolo wa injini ya Merlin umene unayambira pa ndege ya Beaufighter II nkudzagwiritsidwa ntchito pa ndege ya Lancaster. Kwa ife phindu lake linali loti silinda yakumbuyo ikasweka, makaniko wa pa bwalo la dothi asalimbane nayo pa fumbi ndi tochi, angotsitsa dzira lonse, akweze lina, ndege ibwerere kumwamba, lowonongekalo likwere sitima kupita ku depoti komwe kuli denga, simenti pansi ndi anthu odziwa.

Pa pulani imeneyi ndinakhalitsa pa tinthu ting'onoting'ono, chifukwa ndinaphunzira kuti a refa athu amawerenga mzere uliwonse. Ndinalemba kuti dzira lizigwira pa mabawuti anayi. Mapaipi onse a mafuta, oyilo ndi mawaya azikumana pa mbale imodzi kuseri kwa injini, ndipo paipi iliyonse ikhale ndi kukula kwa mazinga kwakekwake kuti ngakhale munthu watulo asathe kumanga ya mafuta pa ya oyilo. Amene simunagwirepo ntchito usiku mungaone ngati zachibwana, koma kupaka utoto wosiyana sikokwanira, mu mdima ndi manja a girisi utoto suoneka, chimene chimakuletsa ndi nati kukana kulowa. Mabawuti a boneti, amene anali a masayizi asanu ndi limodzi chifukwa raundi iliyonse munthu wina ankawonjezera kanthu kake, tinawabweza pa masayizi awiri, ndipo zitseko za boneti zikhale za mahinji ndi zokowera, zotseguka ndi dzanja, zolimba moti makaniko angaimepo. Ndinawonjezera kakireni ka miyendo itatu kokwera pa lole, chifukwa dzira lopanda chonyamulira ndi mwala chabe. Wina anafuna kuti tiikemonso mfuti zazikulu poti tatsegula kale mphuno, ndinakana mpaka kukwiya, chifukwa chilichonse chowonjezera a refa amachiwerengera pa kuvuta kwa pulani ndipo madayisi sadziwa kuti mfutizo zinali zongokomeretsa.

Mpata wa kukonza unapita ku ndondomeko ya sevisi. Tinafufuta ya maola 25 ija. M'malo mwake tsiku lililonse makaniko aziyang'ana zinthu zosafuna kumasula kanthu, kudontha, kawaya ka pa thirotulo kaja, filita ya mphepo. Maola 50 aliwonse azichotsa pulagi ya maginito ya pansi pa oyilo ndi kasefa kake nkuona ngati pali tizitsulo, ayeze kompuresheni, aone mtundu wa mapulagi a masilinda awiri otentha kwambiri okha. Injini imalankhula isanafe, tizitsulo tonyezimira mu oyilo ndi beringi ikutsanzika. Ngati zonse zili bwino, manja kutali. Dzira lizitsitsidwa likakwana maola ake kapena likaonetsa chizindikiro, osati chifukwa sajeni waona anyamata akhala. Ndipo ndege iliyonse ikhale ndi makaniko wamkulu wake mmodzi ndi jobu kadi yake, kusolola chipangizo pa ndege ina kuzifuna siginecha ya ofisala ndi kulemba tsiku lobwezera. Kusololako sindinakuletse kotheratu, pa nkhondo ndi kugalaja komwe nthawi zina palibe kuchitira mwina, koma kukapanda kulembedwa ndi pamene ndege yodwala chimfine imadzuka ilibe miyendo.

Madayisi a dzira anagwa 9. A ndondomeko anagwa 5.

Zotsatira

Dzira linatheka, kusintha injini kunachoka pa masiku atatu kufika pa theka la tsiku. Koma linabwera ndi bilu yake imene ine sindinaiwerengere bwino, achemwali a ku Lusaka ndi amene anaiona msanga. Kuti dzira ligwire ntchito pamafunika mazira apadera odikira, ndipo a refa anatiuza kuti pa ndege zinayi zilizonse tisunge limodzi. Fakitale ya injini ndi yomweyo, nde injini iliyonse yokhala pa shelefu ndi ndege yatsopano imene sinamangidwe. Raundi imeneyo chiwerengero cha a Kabawi pa pepala chinatsika kufika 58 m'malo mokwera, ndipo wina analemba kuti taonani makaniko wathu wadya ndege ziwiri.

Ndondomeko ija ndi 5 wake inatheka mwa theka. A refa analemba kuti mabwalo awiri atsatira, koma pa bwalo lachitatu masajeni akale akupitiriza kutsegula injini maola 25 aliwonse chifukwa sakhulupirira pepala lochokera ku likulu loti asiye kugwira ntchito. Apanso sindinatsutse. Ndikudziwa madala ena kugalaja amene ukawauza kuti injini iyi musaitsegule amakuyang'ana ngati wawatukwanira mayi awo.

Ngakhale zinali choncho, ndege zodzuka m'mawa zinafika 46 pa 58. Kuchoka pa 22. Maulendo ouluka anaposa kuwirikiza kawiri, chifukwa ndege yobwera masana ndi vuto la injini inkatha kuulukanso mawa lake m'mawa. Bwalo lija tinalilanda, mlatho ayi. Pamwamba kwambiri Kabawi tsopano sathamangitsanso ndege ya anzathu ngati kale, makilomita 20 aja akumveka, ndipo mapayiloti a m'lipoti akudandaula, ena akudula kawaya kaja ulendo uliwonse ngati mwambo, zimene zikufupikitsa moyo wa mazira awo. Kurt Tank, amene anapanga Fw 190, ankati safuna hatchi ya mpikisano koma hatchi ya asilikali yopirira ntchito, koma sindikukhulupirira kuti payiloti amene akuthamangitsidwa kumbuyo amasangalala kumva zimenezo.

Anzathu a tsidya nawo si ogona. Raundi yapitayi anazindikira kuti mazira athu onse amadutsa njanji imodzi kupita ku depoti imodzi, anaphulitsa siteshoni ya pakati, mazira 9 anakhala m'mabogi sabata zitatu za m'masewera ndipo chiwerengero chinagwa kufika 38 chisanakwerenso. Depoti yachiwiri ndinaiganizira nthawi ija koma ndinaichotsa mu pulani poopa kuti a refa akweza kuvuta. Mwina ndikanaisiya, mwina 9 uja akanakhala 7 dzira lonse nkutuluka lopunduka, sindingadziwe.

Miyendo yoterera sitinaikhudzebe. Panopa ndi imene ikutsogola pa shiti ya achemwali, ndege 5 pa 12 zogona ndi za miyendo, chifukwa Kabawi analemera ndi fani ndi filita koma miyendo ndi yomwe ija ya raundi yachiwiri, yoyandikana ngati ya Bf 109, ndege ina ya ku Germany, ndipo mabwalo a dothi sakhululuka. Ndinalemba ganizo loti tiiike motalikirana izipindikira mkati, lapeza mavoti atatu okha.

Raundi ino ndi ya jeti monga tinapanganirana. Achimwene a ku Joni anditumizira pulani yawo dzulo usiku kuti ndiione isanapite kwa a refa, ndipo ndapeza kuti alembamo okha kuti injini zikhale zopachika pansi pa mapiko, zotsika ndi mabawuti atatu, ndi zapadera ziwiri pa ndege iliyonse. Za nickel sanalembe kanthu. Ndawabwezera ndi funso limenelo, voti itsekedwa Lachisanu 8 koloko madzulo.